Chiuno Chenicheni cha Bwana Zoonadi

Aliyense wofuna kulamulira anthu ayambe wasamala ndi zimene amaona akapita kunja, pakuti maso a mfumu ya paulendo ndiwo amatopetsa anthu otsala kumudzi. Chenjezo limeneli anthu a dziko la Weramani analimva mochedwa, chaka chimene Mfumu Ndanena Wachinayi inawoloka nyanja zamchere kukacheza ku dziko lina la mapiri ozizira. Kumeneko inaonetsedwa masukulu, zipatala ndi milatho yosakokoloka ndi madzi, koma zonsezi inazidutsa ngati munthu wothamangira basi. Chimene chinaigwira mtima ndi chovala cha amuna a kumeneko: nsalu ya mizere yopingasana, yopindapinda kumbuyo, yozungulira m'chiuno n'kulekeza m'mawondo. Eni ake ankaitcha kiluti.

Itabwerako, Mfumu inasonkhanitsa nduna zake khumi ndi ziwiri ku likulu la Indebwana, n'kulamula kuti iliyonse isokeredwe kiluti. Sinafune yolemera ya pa zikondwerero ija ayi, koma yopepuka, ya tsiku ndi tsiku, kuti akuluakulu a boma azioneka omasuka ndiponso oyandikana ndi anthu wamba. Inakhazikitsanso Tsiku la Kiluti. Pakatha milungu inayi, nduna zonse zinayenera kudzayamba mwambo kunyumba yachifumu m'mawa, kenaka n'kuguba mpaka ku msika waukulu wa Tingotani.

"Zoonadi, Mwinidziko!" inatero Nduna Yaikulu. Mkuluyu dzina lake la ubatizo linali litaiwalika kalekale chifukwa cha mawu amenewa, moti dziko lonse linkangomutcha Bwana Zoonadi. "Nafenso mabuluku anali atayamba kutisowetsa mtendere. Tinkangosowa wotitsogolera kunena."

Bwalo la nduna linakambirana za chovalachi masiku atatu. Nkhani inali imodzi yokha: nduna ina inali itamva mphekesera yoti kiluti ilibe matumba, ndipo nkhope zonse zinagwa ngati pamaliro. Pa tsiku lachitatu anagwirizana, popanda wotsutsa, kuti kiluti ya ku Weramani idzakhala ndi matumba awiri akuluakulu, kumanja ndi kumanzere, polemekeza chikhalidwe cha dzikolo. Anaonjezera lamulo loti aliyense wotcha chovalachi kuti siketi adzasesa msika mlungu wathunthu. Anthu a ku Tingotani analandira lamuloli mwaulemu, ndipo kuyambira tsiku lomwelo ankangoti "chija sitinena chija."

Ntchito yosoka inagwera a Nasoni Mlongoti, telala wa pakhonde la sitolo ya nsalu kumsikako. Anali bambo wa zaka makumi asanu, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi, amene analera ndi kuphunzitsa ana anayi ndi makina amodzi opalasa ndi phazi. A kunyumba yachifumu anawabwereka kiluti imene Mfumu inabwera nayo. Iwo anaisomola yonse, naisokanso, ndipo anaona kuti kusoka kwake si kovuta. Chovuta chinali kuyeza. Buluku likakula limagwidwa ndi lamba, malaya amatsamira pa mapewa, koma kiluti imagwidwa ndi chiuno cha mwini wake basi, pamodzi ndi timalamba tiwiri tachikopa tokhala ndi zibowo zitatu. Timalambato timalola inchi imodzi uku ndi inchi imodzi uko, osapitirira.

Miyeso yake ndi itatu. Woyamba ndi wa m'chiuno, pamene chovalacho chizikhala. Kiluti ya tsiku ndi tsiku imakhala mmunsi pang'ono mwa mchombo, pamene pamadutsa lamba wa buluku. Wachiwiri, ndi ulemu wonse, ndi wa malo okhalira, pamene thupi latambalala kwambiri. Wachitatu ndi kutalika, kuchokera m'chiuno kufika pakati pa bondo. Munthu sadziyeza yekha, chifukwa akaweramira tepi thupi limasintha. Ayenera kuima chilili, kupuma monga amapumira masiku onse, osakokera mimba mkati, osaitukumula. Mudzaona ngati zinthu zazing'ono zimenezi, koma ndikuchenjezeni: maufumu ena anagwedezeka ndi zinthu zochepa kuposa apa.

Mfumu inafuna kuti kuyezako kuchitikire pamaso pake, m'chipinda chachikulu cha bwalo. Tsono ku Weramani kunali malamulo awiri akale. Loyamba linkati pamaso pa Mfumu munthu saima chilili. Amawerama kuyambira m'chiuno, maso pansi, manja akuomba pang'onopang'ono osalekeza. Lachiwiri linkati mimba ya nduna isatsogole mimba ya Mfumu. Popeza Mfumu Ndanena inali ya thupi lapakatikati pamene nduna zake zinali zodalitsika, lamulo lachiwirili linkasungidwa pokokera mimba mkati ndi kupuma mwakuba. A Nasoni okha ndiwo analoledwa kusaomba m'manja, chifukwa munthu sangaombe atagwira tepi. Kuti bwalo livomereze zimenezi panapita theka la tsiku.

Muyeso wa kutalika sunavute. Telala wodziwa ntchito amagwaditsa munthu n'kuyeza kuchokera m'chiuno kufika pansi, ndipo pa nkhani ya kugwada nduna za ku Weramani zinalibe wozipambana. Mavuto anayamba tepi itazungulira chiuno cha Nduna Yaikulu.

"Bwana, ndipemphe muongoke pang'ono," ananong'ona a Nasoni.

"Ndaongoka," anayankha Bwana Zoonadi, mphuno ili pafupi ndi mawondo.

"Mimba nayo muimasule, bwana. Pumani monga mumapumira kunyumba."

"Iwe telala, ukufuna undimangitse? Mimba imene ukuionayi ndi imene ilipo. Ina ndilibe."

Tepi inati mainchesi 36. A Nasoni anapukuta magalasi, nayang'ananso, koma inali 36 yomweyo. Iwo anali ataonapo Bwana Zoonadi kumsika kambirimbiri, ndipo munthu amene ankamudziwayo sakanalowa mu 36 ngakhale atam'paka mafuta. Atamaliza kuyeza nduna zonse, anagwada kutsogolo kwa mpando wachifumu.

"Mwinidziko, ndikhululukireni. Miyeso iyi ndikuikayikira."

"Mwamva!" anafuula Bwana Zoonadi, mawu akutuluka mopyapyala chifukwa cha kuchepa kwa mpweya. "Akukayikira miyeso yotengedwa pamaso pa Mfumu!"

Mfumu Ndanena sinali yankhanza. Inali chabe munthu amene sanatsutsidwepo chibadwire, ndipo matenda amenewa alibe mankhwala m'sitolo. Inayankhula mofatsa. "Telala, chimene ndaona ndi maso anga ndi nduna zoonda chifukwa cha ntchito. Pita ukasoke. Koma imva: kiluti imodzi yokha ikadzavuka kapena kuphulika pa tsikulo, makina ako adzalandidwa n'kuikidwa m'Nyumba ya Zinthu Zokhumudwitsa Mfumu. Ndanena."

Nyumba imeneyi aliyense ankaidziwa. Munali njinga imene inaphulika tayala pa chionetsero, wailesi imene inalosera mvula pa tsiku la ulendo wa Mfumu, ndi sikelo ina imene inanena zoona. Chimene chalowamo sichinkatulukanso.

M'mawa mwake Bwana Zoonadi anabwera kudzayendera msika, monga ankachitira Lachitatu lililonse. Amene anawaona dzulo lake kunyumba yachifumu sakanawazindikira. Chifuwa chinali kumwamba, chibwano chikuloza ku denga, ndipo mimba inkafika pa mabenchi a tomato mwini wake akadali pa chipata. A Nasoni anatsika pakhonde tepi ili m'khosi, napempha kuti atsimikizire muyeso umodzi. Tepi inazungulira, inazungulirabe, n'kukaima pa 45.

"Lemba zimenezo," anatero Bwana Zoonadi mokweza, kuti ogulitsa nyemba nawonso amve. "Anthu ayenera kuona kuti boma lili ndi thanzi."

"Koma dzulo, bwana, munali 36."

"Dzulo ndinali kunyumba yachifumu. Lero ndili pakati pa anthu anga. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo wotsutsa iliyonse mwa izo akutsutsa boma."

M'masiku otsatira a Nasoni anasakasaka nduna zina zija m'misewu ndi m'maofesi, ndipo anapeza zomwezo. Nduna iliyonse inali ndi matupi awiri, lina lowerama nalo kwa Mfumu, lina loopseza nalo anthu, ndipo pakati pa awiriwo panali mainchesi asanu ndi awiri kapena kuposa.

Loweruka masana makina anali chete. A Nasoni anakhala pakhonde atagwira tsaya, chinangwa chophika chikuzizira m'mbale. Mkazi wawo, a Nankhoma, amene ankagulitsa tomato moyang'anizana ndi khondelo, anasiyira mnzawo benchi n'kuwoloka.

"Bambo a Sitela, makina akhala chete bwanji? Mwayamba kale kuwalira asanapite?"

"Musaseke, mayi. Ndikasoka 36, akangofika kuno kumsika n'kudzitukumula, timalamba tiduka. Ndikasoka 45, akangowerama kwa Mfumu, chovala chili pansi. Mwambo ukuyambira uko n'kuthera kuno. Ndisokere thupi liti?"

A Chikungwa, mkulu wokonza nsapato amene ankagawana nawo khondelo, anachotsa misomali pakamwa. "Achimwene, m'dziko muno amene amayeza nduna molondola ndi kalipentala wa mabokosi a maliro yekha. Kwa iye sawerama, sadzitukumula. Kafunseni nzeru kumeneko."

"Lavulani mawu amenewo, a Chikungwa," anatero a Nankhoma. "Munthu wamoyo sayezedwa ndi bango." Anakhala pa mpando wa makasitomala, natenga chinangwa chimodzi. "Koma inu bambo a Sitela, akuluakuluwa akabwera kuno mumakhala mutaweramira makina. Ine ndimawapenya. Mukudziwa kuti asanayambe kuyankhula amatchula mayina otamanda Mfumu aja?"

"Ndani sakudziwa? Makumi anayi, ndi mpweya umodzi."

Umenewu unali mwambo wina wa dzikolo. Mayina otamanda Mfumu analipo makumi anayi, ndipo wowatchula sankaloledwa kupuma pakati, chifukwa kutero kunali kudula ulemu wa Mfumu.

"Eya. Tsono akangomaliza dzina lotsiriza, mpweya umakhala wawathera. Mapewa amagwa, msana umaongoka wokha pofuna mpweya, mimba imabwerera pamalo pake. Kwa kamphindi kochepa, a Zoonadi anuwo amaoneka ngati Jelemiya wa kwa Mchenga uja tinkaphunzira naye Sitandade 4, amene ankalira akamutuma ku bolodi."

"Jelemiya? Dzina lawo ndi limenelo?"

"Nanga mumaganiza kuti mayi ake anamubereka akuti zoonadi? Yezani Jelemiya ameneyo. Ndiye mwini thupi. Awiri enawo ndi alendi."

A Nasoni anaganiza kwa nthawi, kenaka anapukusa mutu. "Ngakhale ndimupeze, sizithandiza. Tinene kuti ali pakatikati. Akakawerama n'kukokera mimba mkati, kiluti iyamba kutsetsereka ndithu. Ndipo sangaigwire, manja adzakhala akuomba."

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Munthu angaope Mfumu chotani, koma amaopa kwambiri kuvulidwa pagulu. Akadzamva ikutsika, adzadziwa yekha chochita."

"Ndi makina angatu mukuchita nawo juga amenewa, mayi a Sitela."

"Ndi anga omwe. Kodi poti ndimagulitsa tomato ndiye kuti sindidya za makinawo? Bodza lililonse mwa awiriwa likuwatengetsa ndithu. Yesani choonadi, mwina chingatichitire chisoni."

Lolemba a Nasoni anabwerera kunyumba yachifumu, nagwada, napempha kuti ayezenso komaliza. Anafotokoza kuti chovala cholemekezeka chotere sichiyenera kuyezedwa mwakachetechete ngati thumba la makala. Ndi bwino nduna iliyonse itchule mayina otamanda Mfumu tepi ili m'chiuno, kuti nsalu idziwe mwini dziko isanadulidwe. Mfumu inamwetulira. Bwana Zoonadi ananena kuti ganizo limeneli iwonso anali nalo, kungoti telala wawatsogolera pakamwa, ndipo anadzipereka kuti ayambe ndi iwo.

A Nasoni anazunguliza tepi mmunsi mwa mchombo, naika chala chimodzi pakati pa tepi ndi thupi, monga amachitira telala wosafuna kufinya munthu. Bwana Zoonadi anakoka mpweya wochepa umene lamulo linkalola, nayamba.

"Njovu yosapunthwa! Mtengo wa mthunzi wosasuntha! Mvula yogwa ikafuna! Ng'oma yomveka isanaombedwe! Mchere wa ndiwo zonse! Mwini mitsinje ndi nsomba zimene sizinabadwe! Iye amene akayetsemula nyengo imasintha!"

Pofika dzina la makumi awiri mawu anali atayamba kunjenjemera. Pa la makumi atatu mitsempha ya m'khosi inaonekera ngati mizu ya mtengo wa m'mbali mwa msewu. A Nasoni sanayang'ane nkhope; maso awo anali pa tepi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzina lotsiriza linatuluka ngati kulira kwa khomo lakale. Pomwepo thupi linachita zake losafunsa lamulo: msana unaongoka, mapewa anagwa, mpweya unalowa ndi mkokomo, mimba inakhala pamalo pake. Chikhadabo cha a Nasoni chinatsina tepi. Asanaphethire kawiri, Nduna Yaikulu inali itaweramanso, koma muyeso unali utagwidwa kale: mainchesi 40 ndi theka.

Anachita chimodzimodzi ndi nduna zonse, m'chiuno ndi pa malo okhalira pomwe, moti tsiku limenelo Mfumu inatamandidwa kokwana makumi awiri ndi kanayi ndipo inadya chakudya chamasana mosangalala kwambiri. Kwa milungu iwiri makina pakhonde la ku Tingotani sanapume. A Chikungwa ndiwo anadula timalamba tachikopa, akung'ung'udza kuti sanaganizepo kuti ulemu wa boma lonse udzapachikidwa pa zibowo zoboola iwo.

Tsiku la Kiluti linafika. Nduna zinavalira kunyumba kwawo, kumene munthu sawerama ndiponso alibe womudzitukumulira, ndipo kiluti iliyonse inakhala ngati anabadwa nayo. Zinalowa m'chipinda cha bwalo zikuyamikirana mawondo. Kumbuyo kwenikweni kunagwada a Nasoni, ndipo pambali pawo panali makina awo atakwezedwa pa wilibala. Bwana Zoonadi ndiwo analamula kuti abwere nawo, kuti asilikali asadzavutike kukawatenga.

Ng'oma inalira. Mfumu inalowa itavala kiluti yake. Misana khumi ndi iwiri inapindika, mimba khumi ndi ziwiri zinalowa mkati, manja anayamba kuomba. Ndipo makiluti anayamba ulendo wopita pansi.

Sanagwe mwadzidzidzi ayi. Anatsika mwaulemu, pang'onopang'ono, monga zinthu zonse zinkayendera m'chipindamo. Inchi yoyamba inadutsa popanda woona. Pa yachiwiri, Bwana Zoonadi anamva kamphepo pamalo pamene kamphepo sikayenera kufika. Kusiya kuomba m'manja kunali mlandu. Kuongoka kunali mlandu. Kumasula mimba kunali mlandu. Koma m'mbali mwa chipindamo munali akazi a nduna, atsogoleri a mipingo ndi akazembe a maiko oyandikana nawo. A Nasoni anaika dzanja pa gudumu la makina awo ngati munthu wotsanzika m'bale pa siteshoni.

Kenaka Nduna Yaikulu inatulutsa mpweya. Mimba inabwera kutsogolo, n'kugwira nsalu. Kiluti inaima, koma inali ikadali pangozi. Mwini wake anaongola msana, ndipo inakhazikika. Nduna ya Misewu inaona zimenezo n'kuchita chimodzimodzi. Inatsatira ya Ulimi, kenaka zonse, imodzi ndi imodzi, ngati chimanga chimene chinagona ndi mphepo chikadzuka dzuwa litawala. Manja okha ndiwo anapitiriza kuomba, mofooka.

Mfumu inaima pakati pa njira. Inayang'ana nkhope khumi ndi ziwiri zimene zinali kuiyang'ana mwamantha, ndipo inayandikira yoyamba.

"Zoonadi? Ndiwe?"

"Ndine, Mwinidziko."

"Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikuyankhula ndi dazi lako. Sindinkadziwa kuti uli ndi ndevu za imvi." Mfumu inabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kukweza maso. "Ndipo ndiwe wamtali kuposa ine."

Chipinda chonse chinadikira. Yankho la masiku onse lija, loti "zoonadi," linali pa lilime la Bwana Zoonadi, koma ngakhale mwini wake anaona kuti pamenepa likhoza kumuphetsa.

"Pang'ono pokha, Mwinidziko."

"Nanga mimba izi zachokera kuti?"

"Ndi madalitso a ulamuliro wanu, Mwinidziko."

"Ndiye masiku onsewa mumazisunga kuti?"

Mfumu inayenda pa mzere wonse ikusuzumira nkhope iliyonse ngati munthu amene wapeza zipinda zatsopano m'nyumba yake yomwe, kenaka inaseka mpaka kupukuta misozi. Malamulo awiri anali ataswedwa ndi nduna zonse nthawi imodzi, koma kuzimanga zonse kukanasiya Mfumu yopanda woivomereza. Choncho inalengeza kuti kwa tsiku limenelo lokha malamulowo apume.

"Telala, yavuka ilipo?"

"Palibe, Mwinidziko," anayankha a Nasoni. "Koma kumsika sitinafike."

Ku Tingotani anthu anali atadzaza mpaka pamwamba pa milu ya makala, kudzaona chija sitinena chija. Nduna zitangolowa pa chipata n'kuona khamulo, matupi awo achiwiri anafuna kutuluka mwa chizolowezi. Zifuwa zinakwera, mimba zinatukumuka, koma timalamba ta a Chikungwa tinaluma ngati nkhanu. Bwana Zoonadi anakwera pa nsanja, nayesa kukoka mpweya wa zoyankhula zawo za maola awiri zija. Chikopa chinalira, ndipo iwo anaubweza msanga mpweyawo. Anayankhula ndi mawu wamba, ngati munthu wofunsa njira, ndipo anamaliza m'mphindi khumi.

Poona kuti lero akuluakulu akumveka ngati anthu, mayi wina wogulitsa nyemba analimba mtima. "Bwana, denga la msika uno lakhala likudontha zaka zitatu. Mudzalikonza liti?"

Masiku ena funso lotere linkayankhidwa ndi bingu la mawu okhudza mapulani, makomiti ndi adani a chitukuko. Koma bingu limafuna mpweya, ndipo mpweya unkafuna mainchesi amene kiluti inalibe.

"Sindikudziwa, mayi," anatero Bwana Zoonadi.

Nthungululu zinaphulika kuchokera kwa ogulitsa nyemba mpaka kwa ogulitsa makala. Akuluakulu ena amati chikhazikitsireni ufumuwo, limenelo ndilo yankho loyamba la boma limene anthu onse analikhulupirira. Denga silinakonzedwe, koma anthu anapita kwawo okhutira ngati lakonzedwa.

Palibe kiluti imene inavuka, palibe imene inaphulika. Madzulo dzuwa lisanalowe, asilikali awiri anakankha wilibala kubwerera ku khonde, a Nankhoma akuyenda patsogolo n'kumawauza kuti asamale maenje. A Nasoni anapukuta makina awo ndi kansalu, nawathira mafuta.

Wowerenga wofulumira angaganize kuti kuyambira pamenepo nduna za ku Weramani zinaphunzira kukhala ndi thupi limodzi. Chenjerani ndi chiyembekezo chotere. Choonadi ndi chovala chimene anthu amachiyamikira pa tsiku la chikondwerero, koma ndi ochepa amene amafuna kupita nacho ku ntchito. Malamulo aja anapuma tsiku limodzi, monga Mfumu inanenera, ndipo m'mawa mwake anadzuka ali ndi mphamvu.

Lachinayi masana, Bwana Zoonadi anafika pakhonde kudzera njira ya kuseri kwa zigayo, opanda asilikali, atavala buluku, kiluti itakulungidwa m'nyuzipepala.

"A Mlongoti," anatero motsitsa mawu, ndipo aka kanali koyamba kutchula telalayo ndi dzina, "ntchito yanu ndi yabwino. Bwalo lonse layamikira. Kungoti chovalachi n'chouma mtima. Sichimvetsa kuti ntchito ya boma imafuna munthu wotha kusintha malinga ndi malo. Tamva kuti kuli chinthu china chotchedwa lasitiki."

"Chilipo, bwana."

"Muike m'chiuno monse. Anzanga khumi ndi mmodzi abwera mawa, aliyense payekha."

Ndikanakonda kulemba kuti a Nasoni anakana. Koma telala si mneneri, ndipo munthu amene makina ake akwerapo wilibala kamodzi safuna kuti akwerenso. Anatsegula kabati, natulutsa mpukutu wa lasitiki woyera. Bwana Zoonadi anautenga, naukoka ndi manja awiri, nauleka, naukokanso, nkhope ikuwala ngati ya mwana amene wapatsidwa legeni.

"Kodi ameneyu amatamuka mpaka pati?"

"Kuchokera kunyumba yachifumu mpaka kumsika, bwana," anayankha a Nasoni, akulowetsa ulusi pa singano.

A Chikungwa anatsokomola kwambiri, moti anachita kuchotsa misomali pakamwa. Nduna Yaikulu inasiya phukusi lake, n'kutembenuka kuti izipita. Itafika pa masitepe a khonde inaona anthu a pa mabenchi akuiyang'ana, ndipo chifuwa chinayamba kukwera, chibwano n'kuloza kumwamba.

"Muyende bwino, a Jelemiya," anatero a Nankhoma ali pa benchi lawo, akupanga milu ya tomato osadzutsa mutu. "Mukapereke moni kwa Mchenga."

Mkuluyo anaima phazi lili m'mwamba. Mapewa anagwa, mpweya unatuluka, ndipo anacheuka ngati mwana wa sukulu amene waitanidwa ku bolodi. A Nasoni anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Sanafunikire tepi: anali mainchesi 40 ndi theka.